Munthu Wofulatira Nyalugwe

Mukafika pamalo pamene madalaivala a malole amapumira, pafupi ndi wokonza matayala, n'kutchula dzina la a Chambuyo, anthu amayamba atsitsa kaye mawu. Amati munthu ameneyo si mnzathu. Amati anatemera kumsana, n'chifukwa chake amalowa m'mphanga ya zilombo chofulatira, leki ili m'manja ngati akusalaza pakhomo pa apongozi. Ena amati nyalugwe amawapatsa moni m'mawa uliwonse. Pali winanso amene amachita kulumbira kuti anawaona ndi maso ake akutuluka m'mphangamo motsogozana, chilombo patsogolo, iwo pambuyo, ngati anthu ochokera kogula sopo.

Bodzali n'lokoma moti kuliphwasula kumamvetsa chisoni. Koma a Chambuyo ndi munthu wamantha woti wina ngati iwo sanabadwe. Tambala akawayang'ana ndi diso limodzi amasintha njira. Ulonda anagwirapo masiku anayi, n'kuusiya chifukwa cha galu wa pamalopo amene ankayenera kulonda naye limodzi. Ukondakitala anagwira tsiku limodzi ndi theka, theka linalo anabwerera kunyumba wapansi. Ntchito yoyamba imene anakhalitsa inali yobzala mitengo, ndipo mkazi wawo atawafunsa chinsinsi chake anati, "Mtengo suluma, mayi. Ukausiya pano, mawa umaupeza pomwepo."

Mitengoyo inali ndi nkhani yake. Kale nkhalango inali imodzi, kuyambira kuphiri mpaka kumtsinje. Kenako kunabwera msewu waukulu n'kuidula pakati, eni munda waukulu wa m'deralo n'kumeta zotsala mbali zonse ziwiri. Nyama za kuphiri zinatsala kuphiri, za kumtsinje kumtsinje, zikungokwatirana pachibale, ndipo imene inkayesa kukaona abale kutsidya inkasanduka chikopa paphula. Ndiye bungwe lina linapempha eni mundawo kachigawo kang'ono, kautali ngati lamba, kuti libzalemo mitengo yachilengedwe n'kulumikizanso nkhalango ziwirizo. Pansi pa msewu panali kale chimphanga cha simenti chodutsitsa madzi a mvula, masitepe makumi anayi kutalika kwake, choti munthu amayendamo osawerama. Mitengo ya kuphiri inakathera pakhomo limodzi la mphangayo, ya kumtsinje n'kuyambira pakhomo linalo.

Eni munda anavomera, koma ndi mawu: zaka zisanu ndi chimodzi. Zikadzatha popanda nyama yaikulu yodutsa m'njirayo, thirakitala idzalowa, mitengo idzasanduka nkhuni.

Yambiri mwa mitengoyo anabzala ndi a Chambuyo. Chaka chimene mvula inathawa, ya pakhomo la kumtsinje ankaithirira ndi ndowa, maulendo makumi awiri patsiku, akuyang'ana m'madzi ngati muli ng'ona ngakhale madziwo ankalekeza m'kakolo.

Mitengo itapitirira mutu wa munthu, kunabwera Adokotala. Anali mayi wamng'ono kwa iwo, wa magalasi, dokotala wosabaya jakisoni, wa nyama zosadwala. Ntchito yawo inali imodzi: kudziwa ngati njirayo ikugwiradi ntchito kapena anthu angokongoletsa tchire. Ankafuna munthu woti aziyang'ana pansi tsiku ndi tsiku. Anayenda ndi amuna asanu ndi atatu m'mitengomo. Asanu ndi awiri ankayenda chifuwa patsogolo, akusimba za njati zimene agogo awo anapha. Wachisanu ndi chitatu ankabwera kumbuyo, akuima sitepe iliyonse.

"Bambo, mwadwala mwendo?" anafunsa Adokotala.

"Ayi, madamu. Apa padutsa njoka. Yalowera uko. Apanso pali kanthu ka zikhadabo, sindikukadziwa, koma sikanapite kutali."

Adokotala anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Tsiku lomwelo anawalemba. Munthu wolimba mtima amayang'ana kumene akupita. Wamantha amaona ndi chosayenera kuona chomwe.

Ntchito yake ili chonchi. Kunja kwa khomo lililonse la mphanga kuli mchenga wosefa, woyalidwa kuyambira khoma ili kufika khoma ilo, moti ngakhale khoswe sangadutse osasayina. M'mawa a Chambuyo amawerenga zimene zalembedwa usikuwo: nungu ndi mizere ya minga yake, fungwe, msulu, gwape wa tiziboda ngati nsonga za lumo. Phazi lililonse amaliikira lula yoyezera pambali, kulijambula ndi foni, kulemba pafomu. Nyama ikaoneka kuti yalowa uku n'kutulukira uko, imeneyo yawoloka. Ikalowa n'kubwerera pomwepo, yangobwera kudzazonda. Akatha amafufuta zonse ndi leki kuti mawa kudzalembedwe zatsopano. Ndipo kuti mapazi awo asatsale pamchenga wosalazawo, amasalaza akubwerera m'mbuyo, maso ali pa leki, msana uli kumene akupita. Dzina lawo linachokera pamenepo. La pachitupa analiiwala ndi abale omwe.

Adokotala anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza ngati pemphero. "Musanagwire leki, werengani makomo onse awiri. Ndipo popita kukhomo linalo muzikwera pamwamba n'kuwoloka msewu. M'mphangamo si mwanu, ndi mwa eni ake."

"Ndamva, madamu."

Anamva, koma sanachite ngakhale tsiku limodzi. Pamsewu umenewo m'pamene mkulu wawo anatsala, ali ndi njinga yake, lole itabwera kuchokera pokhota pafupi ndi mphangayo. A Chambuyo ndi amene anakatola nsapato. Chiyambire tsikulo, phula la pamenepo salipondanso. Ndiye ankasalaza khomo la kuphiri akubwerera m'mbuyo mpaka leki itawafikitsa pakamwa pa mphanga, kenako kutembenuka, kutseka diso limodzi, n'kudutsa masitepe makumi anayiwo akuyimba nyimbo chamumtima. Mphanga ankaiopa, inde, koma mantha nawo ali ndi akulu ake.

Zaka zinapita ndi tinyama ting'onoting'ono. Fomu inadzaza ndi nungu. Nguluwe inabwerapo kawiri, kununkhiza, kubwerera. Adokotala anamangirira makamera awiri pamitengo, odzijambulira okha chinthu chikadutsa. Imodzi anyani anaizula n'kukaiponya pamwala. Inayo munalowa nyerere, zinamangamo mudzi, ndipo inapita kokakonzedwa. Kutatsala milungu iwiri kuti eni munda akhale pansi kugamula za mitengoyo, panalibe kamera, panalibe nyama yaikulu, panali a Chambuyo ndi leki yawo. Thirakitala inali itayamba kale kuoneka m'mphepete mwa mitengo, woyendetsa wake akuyeza ndi maso.

"Abambo, simukudya," anatero mkazi wawo madzulo ena. "Mukulira mitengo?"

"Mitengo ija ndinaitenga ili ngati chala ichi."

"Ana anu enieni simunawathirirepo ndi ndowa."

"Ana anali ndi inu. Mitengo inali ndi ndani?"

"Ndiye mukupempherera chiyani? Kuti chilombo chibwere?"

"Chibwere, mayi. Koma chibwere ine kulibe."

"Mulungu wanuyo mumamupatsa ntchito yovuta."

Lachinayi la mlungu womwewo kunacha ndi mitambo yolemera, mphepo ikununkha mvula. A Chambuyo anafika pakhomo la kuphiri dzuwa litangosuzumira, anatsamiritsa njinga pamtengo, n'kuwerama. Nungu, monga mwa masiku onse. Fungwe. Kenako anaona chinthu chimene sichinaonekepo pamchengapo.

Phazi lobulungira, lalikulu ngati chikhato chawo. Zala zinayi. Zikhadabo osaoneka. Galu ndi fisi amasiya zikhadabo poyera, koma a mtundu wa mphaka amayenda atabisa mipeni. Mapaziwo anachokera m'mitengo, kudutsa pakati penipeni pa mchenga mosapupuluma, ngati bwana wolowa mu ofesi yake, n'kulowa m'mphanga. Obwerera panalibe.

"Mayo ine," anatero a Chambuyo, akuseka ndi kulira pamodzi. "Wabwera. Mitengo yanga ija."

Anaika lula, kujambula, kujambulanso, kulemba pafomu ndi zilembo zazikulu. Mutu unali kale kwa Adokotala, kwa eni munda, kwa woyendetsa thirakitala amene tsopano akayeze kwawo. Ndipo pamene mutu unali paulendo, manja anachita zimene anazolowera zaka zitatu. Anatola leki, kufulatira mphanga, n'kuyamba kusalaza. Koka, sitepe m'mbuyo. Koka, sitepe m'mbuyo. Mchenga unagona bwino, mizere yowongoka. Chidendene chinagunda simenti, mthunzi wozizira unawagwera pamapewa, anabwereranso masitepe awiri kuti amalizitse m'mphepete.

Fungo ndi limene linawauza. Fungo la mphaka, koma mphaka wa msinkhu wina.

Apo m'pamene mawu a Adokotala anafika, mochedwa ngati thandizo la achibale. Werengani makomo onse awiri. Iwo anaona kuti chilombo chalowa. Kuti chatuluka anawauza ndani?

Kumbuyo kwawo, mkati mwa mdima, munthu wina anayamba kucheka thabwa ndi sowo yobuntha. Kawiri, katatu, monga amalirira nyalugwe. Kenako zii.

Tsitsi lonse linaima, ndi la m'miyendo lomwe. Kutsogolo kwawo kunali kuwala, mchenga wosalala, njinga itatsamira mtengo, masitepe khumi okha. Mutu unati thawa. Miyendo inati ife sitikudziwani. Anakumbukiranso zimene anamva, kuti mphaka ukamuthawa umamuitana. Anayesa kupemphera, koma m'mutu munangobwera mndandanda wa pafomu: nungu, fungwe, msulu, gwape. Anapemphera womwewo.

Pamwamba panadutsa lole, mphanga yonse n'kunjenjemera, fumbi kuwagwera m'khosi. Itapita anamva kupuma. Sikunali kwawo, chifukwa iwo anali atasiya. Kunali kupuma kwa chinthu chosafulumira, chimene chikuganiza. Panamveka kamwala kakugubuduka. Pafupi kapena patali, sanadziwe. M'mphanga mawu amanama.

Anaganiza za msana wawo. Zaka makumi asanu ali nawo, sanauonepo, ndipo tsopano unali wonse poyera ngati nyama ya pambedza. Anamva malo enieni pakhosi pamene mano adzalowere, mpaka kuyabwa. Thukuta linatsika m'mbali mwa mphuno n'kuima pamlomo, iwo osalinyambita. Chinanso chofunda chinatsika ndi mwendo wakumanzere mpaka mu jombo, koma chimenecho tisachitchule, munthuyu ndi wamkulu.

Anaima choncho nthawi yaitali bwanji? Iwo amati tsiku lonse. Foni imati mphindi khumi ndi zinayi.

Kenako kupuma kuja kunasuntha. Sikunamveke mapazi, chifukwa mwini wake sagula nsapato zolira. Kunangomveka ngati nsalu ikukhudza khoma, ikutalikira, ikutalikira. Fungo linachepa. Kutsidya kumtsinje mbalame zinayamba kukuwa zonse pamodzi, monga zimachitira zikaona mwini dziko.

Apa munthu wanzeru akanathamangira njinga. A Chambuyo nawo anakweza phazi kuti atero. Ndiye dontho loyamba linagwa pamchenga patsogolo pawo, kuboola kadzenje. Lachiwiri. Lachitatu.

Mvula ikagwa mchenga umaiwala zonse. M'foni munali nyalugwe wolowa. Nyalugwe wolowa yekha, kwa Adokotala, ndi mlendo wodzazonda. Umboni woti wawoloka unali pakhomo la kumtsinje, panja, pansi pa mitambo imeneyo, ndipo unali ndi moyo wa mphindi zochepa. Njira zinali ziwiri. Pamwamba, phula lonyowa ndi malole a pokhota paja. Kapena masitepe makumi anayi amene chilombo changoyendamo kumene, mwina chikudikira kumapeto.

"Mitengo inu," anatero ndi mawu a mwana, "mudzandikumbuke."

Kutembenuka kunawakanika. Khosi linakana. Anati chondidya chindidye ndisakuchiona. Ndiye anayamba kuyenda chambuyo, dzanja limodzi likupapasa khoma, lina litagwira leki, maso ali pa kuwala kwa khomo la kuphiri kumene kunkachepa sitepe iliyonse. Khumi. Anaponda pamalo ofunda pamene chinthu chinagona, ndipo anamva kufundako kupyola jombo, kapena anangoganiza. Makumi awiri. Jombo lakumanzere linkalira chofwa, chofwa, ngati likuitana. Makumi atatu. Kuwala kunayamba kuwagwera kuchokera kumbuyo, chithunzithunzi chawo n'kutalika patsogolo pawo. Anachiyang'anitsitsa, kudikira kuti pambali pake pabwere china cha makutu obulungira.

Chidendene chinamva mchenga. Anaima. Sitepe ina imodzi akanaponda umboni. Apa panalibenso kuchitira mwina: kuti ajambule anayenera kuyang'ana.

Anatembenuka pang'onopang'ono ngati chitseko cha dzimbiri, diso limodzi lotseka.

Mapazi anali pomwepo. Obulungira, zala zinayi, akutuluka, kudutsa mchenga wonse mpaka kuudzu. Ndipo chapatali pang'ono, pansi pa mitengo imene ankaithirira ndi ndowa, udzu unali ukudzitseka wokha, kansonga ka mchira wamawanga kakulowa komalizira.

Anagwada. Lula inagwa kawiri. Anayamba kujambula, madontho akugwera pagalasi.

"Alamu! Alamu inu! Muli moyo?"

Mawuwo anachokera pamwamba. Anali mlamu wawo, mchimwene wa mkazi wawo, dalaivala wa lole, amene anaima pambali pa msewu kuti ataye madzi. Anali atagwira chitsulo cha m'mphepete ndi manja onse awiri, lamba ali lende. Munthuyo anaona nyalugwe akutuluka pansi pa mapazi ake, ndipo asanapeze mawu, anaona msana wa mlamu wake ukutuluka pakhomo lomwelo, leki ili m'manja.

"Dikirani, ndikutsika!"

"Musatsike!" anakuwa a Chambuyo. "Mundipondera mapazi!"

"Mapazi a chiyani, alamu? Chilombo chili apo!"

"Ndachiona! Khalani komweko!"

Mlamuyo anakhala komweko. Pofika masana nkhani inali itafika kumalire a dziko, ndipo pamalo alionse oimapo lole inkanenepa.

Mvula inagwa yeniyeni, mchenga unasanduka phala. Mwa zithunzi khumi ndi ziwiri za khomo la kumtsinje, khumi ndi chimodzi zinali ngati utsi. Chimodzi chokha chinagwira: phazi, lula pambali pake, ndi madontho atatu.

Adokotala anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuvula magalasi. Kenako anafunsa funso limene a Chambuyo ankaliopa kuposa chilombo.

"Bambo, chithunzichi mwachijambula mutaima mbali ya mkati. Munafikako bwanji?"

Anaulula zonse, za mkulu wawo, za zaka zitatu, za nyimbo ya chamumtima. Za jombo zokha anasunga. Adokotala anakhala pansi pa chitsa.

"Mukanafa, bambo. Ndipo mwina sanawoloke mwa kufuna kwake. Mwina anatulukira uko chifukwa inu munatseka khomo."

"Ndiye sichiwerengedwa, madamu?"

"Ndilemba momwe zinachitikira, ndi inu nomwe pakhomopo. Aweruze okha."

Analembadi choncho, osakometsera. Eni munda anawerenga, anakangana, ndipo anati phazi limodzi si umboni wokwanira, koma si chinthu choti thirakitala ipondepo. Anawonjezera zaka ziwiri. Kamera itabwera kokonzedwa, patangotha masiku asanu ndi anayi inamugwira nyalugwe uja akubwerera kuphiri, yekha, wopanda womutsekera khomo. Mwezi wotsatira anadutsa katatu. Tsopano pali winanso wocheperapo amene Adokotala akuti ndi wamkazi, ndipo amanena zimenezi akumwetulira, ngati nkhani yabwino.

Kwa a Chambuyo zinthu zafika poipa. Kale ankaopa chinthu chimene mwina kulibe. Lero ali ndi zithunzi zake. M'mphanga salowamonso. Amayenda mtunda wautali kukawolokera pamene msewu uli wowongoka, n'kudikira mpaka mbali zonse kuli zii, nthawi zina theka la ola, kenako kuthamanga ngati awotchedwa. Leki sagwira asanawerenge makomo onse awiri, kawirikawiri. Koma kusalaza amasalazabe chambuyo, chifukwa njira ina palibe, ndipo msana wawo tsopano umayang'ana mitengo imene anabzala okha, imene yakula bwino moti chilichonse chingabisalemo.

Tsiku lina anapita kukapopetsa njinga kwa wokonza matayala. Madalaivala anawapatsa mpando, chinthu chimene sichinachitikepo. Mlamu wawo anali pomwepo, akusimba kachikwi, nyalugwe atafika kale msinkhu wa ng'ombe. Dalaivala wina wachikulire anasendera pafupi n'kunong'ona.

"Achimwene, tiuzeni ife anzanu. Mankhwala ofulatira chilombo aja munatemera kwa ndani? Mtima woterowo munthu sabadwa nawo."

A Chambuyo anayang'ana tayala lawo, kulitsina ngati lakhuta, n'kudzuka.

"Mtima wake uti? Miyendo inakana basi. Za mankhwalazo kafunseni mkazi wanga, ndi amene anachapa thalauzi."